Mzere Wofiira wa Galih

Munthu ukakhala pamwamba pa nyumba ya nsanjika makumi anayi, mzinda wa Surabaya umasiya phokoso. Galih anali atazolowera zimenezi. M'mawa uliwonse ankakwera makwerero a kireni, chimakina chija chonyamula zitsulo ndi simenti, n'kudzitsekera m'kachipinda ka galasi koti sungatambasulemo miyendo, ndipo sankatsika mpaka dzuwa litapendeka. Anzake kumwambako anali awiri basi: mphepo, ndi kawailesi kamene kankangolankhula pomukalipira.

Ankaona zonse. Kumpoto, mlatho wa Suramadu utagona pamadzi ngati ulusi woiwalika, zombo zili ndandanda kudikira padoko. Kummwera, mapiri a Arjuno ndi Penanggungan, amene lero aoneka, mawa abisala mu utsi. Pakati pake madenga ofiira othinana ngati mamba a nsomba. Koma maso ake ankabwerera malo awiri okha. Pafupi, m'mbali mwa mtsinje ku Jagir, dera la ku Wonokromo, panali kadenga ka malata kamene iye mwini anakapaka penti ya buluu kuti azikazindikira. Mmenemo munkakhala mayi ake, Mayi Sumi, ndipo ikangokwana seveni koloko ankaona ambulera yawo yaikulu yachikasu ikutambasuka pakhomo pa kanjira, pomwe ankagulitsa mpunga ndi masamba otendera. Patali, ku Banyu Urip, panali nsanja yobiriwira ya mzikiti. Kuseri kwa nsanjayo kunali kwawo kwa Ratri, bwenzi lake.

Masana aliwonse foni inkanjenjemera m'thumba. Ankakhala Ratri, amene mwachikondi ankamuitana Mas, ndiko kuti achimwene, iye n'kumamuitana Dik, ndiko kuti mlongo wamng'ono.

"Mas, mwadya?"

"Ndikudya. Ndikukuonanso, Dik."

"Bodza. Ndavala chiyani?"

"Chofiira."

"Chakuda. Mugule magalasi musanaphe anthu ndi zitsulozo."

Chaka chathunthu anakhalira mauthenga otere. Tsiku lina dzuwa likulowa anajambula mzinda wonse ndi foni, kenaka ndi chala analemba mzere wofiira pachithunzipo, kuchokera pa denga la buluu kukafika pa nsanja yobiriwira, n'kumutumizira Ratri. Analemba kuti anthu apansi amati ndi kutali chifukwa amayenda m'misewu, koma kumwamba kuno ndi kamtunda kochepera chala. Ratri anayankha kuti mwamuna wotereyu ngofunika kumukwatiwa msanga asanapenge.

* * *

Lamlungu lomwe anapita kukamva tsiku la ukwati, Galih anavala malaya a batiki amene mayi ake anasita kawiri. Bambo Harjito, abambo ake a Ratri, anamulandira bwino. Anali munthu wopuma pantchito ya njanji, wamasiye, wosalankhulalankhula. Anali atawerengetsa kale masiku obadwa a awiriwa kwa mkulu wodziwa, ndipo zinagwirizana. Tiyi wotsekemera anali patebulo, nthochi zokazinga zili m'mbale. Chomwe chinatsala n'kutchula tsiku.

Koma pampando wa pakona panali Bowo.

Bowo anali mwana wa mnzawo wakale wa Bambo Harjito, mwini sitolo ya zitsulo za njinga zamoto, ndipo aliyense m'kanjira kameneko ankadziwa kuti anamufunsirapo Ratri kawiri n'kukanidwa kawiri. Anati amangodutsa. Munthu wongodutsa sabwera ndi dengu la malalanje, komanso savula nsapato n'kukhala maola awiri.

"Ndiye mumangoti pamtengo paja phee tsiku lonse ngati pusi?" anafunsa Bowo akusenda lalanje. "Nanga mukafuna kutaya madzi, achimwene, anthu apansife tizifunda maambulera?"

Ratri anamuyang'ana Galih ndi maso omupempha kuti angozisiya. Koma Galih sanabadwe ndi mtima wongozisiya. Anatulutsa foni, nati pusi ameneyu amaona zimene ogulitsa mabawuti sadzaziona mpaka kufa, n'kuipereka kwa Bambo Harjito ndi manja awiri. Ankafuna kuti mkuluyo aone mlatho, aone nyanja, aone kuti mkamwini wake si munthu wamba. Anaiwala za mzere wofiira.

Bambo Harjito anavala magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali, akumwetulira poyamba. Anafunsa kuti kadenga kabuluuko n'ka yani, ndipo Galih anayankha monyadira kuti n'kwawo. Anafunsa za nsanja, Ratri nati ndi mzikiti wawo womwewu. Kenaka kumwetulira kuja kunatha.

"Dzuwali likutuluka kapena likulowa?"

"Likulowa, Bambo."

"Ndipo nyanja ili uku, kumanjaku."

"Eya, Bambo."

Mkuluyo anaika foni patebulo chafufumimba. Anati iye atamva kuti mnyamatayu ngwa ku Wonokromo, anangoti ndi kummwera kolunjika, sanafunsenso. M'tinjira ta mzinda uno, tokhotakhota ngati matumbo a nkhuku, ndani angadziwe komwe nyumba ya mnzake yaloza? Koma apa zinali poyera, zolembedwa ndi chala cha mwini wake. Kuchoka pa khomo la Galih kubwera pa khomo la Ratri kunali kulowera kumpoto chakumadzulo. Ndi mmene amagonekera maliro m'manda, mutu kumpoto, nkhope kumadzulo. Mwamuna sayenda njira imeneyo pokatenga mkazi. Akaiyenda, kholo limodzi silimaliza chaka.

Galih anaseka, poganiza kuti mwina kuseka kuzipeputsa. Anafotokoza kuti iye pobwera kuno sawuluka, amadzera ku msika, n'kukhotera kummawa pa mlatho, n'kuzungulira.

"Msewu umakhota, mwana wanga," anatero Bambo Harjito. "Tsoka silikhota."

Apa m'pamene Galih akanatseka pakamwa. M'malo mwake anafunsa kuti zimenezi zalembedwa m'buku liti, pakuti ku mzikiti sanazimvepo. Anati lamulo limeneli ndi la amphawi okha, chifukwa wolemera akapeza kuti nyumba yake yaloza kolakwika amangogula ina n'kusamuka. Anati mayi ake sanasankhe malo a m'mbali mwa mtsinje chifukwa chokonda udzudzu. Mawu ake anakwera mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anasiya kusesa.

Bambo Harjito sanakweze mawu. Anangoti mng'ono wawo anakwatira molowera komweko, akunena zomwezi, ndipo mayi awo anaikidwa m'manda mpunga wa ukwati usanathe m'nyumba. Atatero anadzuka n'kulowa kuchipinda.

Bowo anamaliza lalanje lake, n'kupukuta zala. Anauza Ratri, mokhala ngati akungocheza, kuti kuchokera kwawo ku Simo kubwera kuno ndi kummawa kolunjika, ngakhale wakhungu sangasochere.

* * *

Lolemba foni sinanjenjemere. Lachiwiri chimodzimodzi. Galih ankadya mpunga wake wozizira m'kachipinda kagalasi, mzinda wonse uli pansi pa mapazi ake, anthu mamiliyoni, koma popanda ndi mmodzi yemwe womufunsa ngati wadya. Anafufuta chithunzi chija. Sizinathandize. Mzerewo tsopano ankauona ndi maso, utadutsa pa madenga, pa njanji, pa manda a pakati pa mzinda, wowongoka ngati chingwe cha mmisiri. Anayesa kuuyang'ana mopendeketsa mutu ngati mwana, kuti mwina ulozako kumpoto kwenikweni. Sunasunthe.

Iye yekha mumzinda wonsewu ndiye anali ndi malo oonera chinthu chimenechi, ndipo iye yemweyo ndiye anakachipereka m'manja mwa mkulu uja.

Lachinayi uthenga unabwera. Unalibe nthabwala. Ratri anati akumane akaweruka, pa chipata chotsekera madzi a mtsinje ku Jagir.

Anamupeza atatsamira chitsulo cha mlatho, akuyang'ana zinyalala zikuzungulira pamadzi. Anali atawonda nkhope. Anamuuza kuti usiku wa Lamlungu lomwelo magazi a Bambo anathamanga kwambiri, ndipo amene anawatengera kuchipatala pa galimoto ndi Bowo. Galih anafunsa ngati Bowoyo anali akadali pompo kudikira kuti wina adwale. Ratri sanaseke.

Kenaka anamuuza kuti njira ilipo imodzi. Mkulu wodziwa uja wanena kuti mwamuna akhoza kutayidwa. Mayi ake amutulutse pakhomo anthu akuona, anene kuti alibe mwana, ndipo banja lina la kumalo oloza bwino limutole. Kuyambira pamenepo mpaka tsiku la ukwati, masiku makumi anayi, asaponde m'nyumba ya mayi ake, asadye chophika chawo. Pa ukwati achokere kwa omutolawo, ndipo mayi ake asakhale pampando wa makolo. Bambo apereka mpaka Lamlungu. Likadutsa, a kwa Bowo abwera ndi akuluakulu awo kudzafunsira mbeta.

"Ndiye nditayidwe ngati mwana wa mphaka," anatero Galih.

"Ndi mwambo chabe, Mas. Aliyense amadziwa kuti ndi mayi anu."

"Ngati ndi chabe, abambo ako ausiye. Mayi anga ali ndi mwana mmodzi. Anandilera okha ndi mtondo wa mtedza. Ndiye aime pakhomo anene kuti sanabereke, kuti munthu wina agone tulo? Iwe umakhulupirira zimenezi, Dik?"

"Sindikhulupirira."

"Nanga?"

"Koma ndikuopa." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wake wa kumutu. "Inu mumaona zinthu muli kumwamba, Mas, zonse zimaoneka zazing'ono. Ine ndimakhala pansi pano ndi Bambo. Ndine ndimawamva akupuma movutika kuseri kwa khoma. Tikakwatirana iwo n'kugwa, ngakhale patatha miyezi khumi, ngakhale chifukwa cha mchere, mudzandiuza chiyani choti ndikhulupirire?"

Funsoli linamukwiyitsa Galih koposa. Anati sangapemphe mayi ake chinthu chotere, ngakhale kuwauza sawauza. Ratri anagwedeza mutu ngati munthu amene ankadziwa kale, n'kukwera minibasi osacheuka.

* * *

Galih anapeza mayi ake atakhala pa kampando, akusinja mtedza wa mawa, miyendo atatambasula chifukwa cha mawondo. Anawalanda munsi n'kuyamba kusinja yekha. Mayiwo anamufunsa za tsiku la ukwati. Iye anati akuluakulu akadakambirana. Anamufunsa chifukwa chake Ratri sanabwere sabata yonse. Iye anati watanganidwa.

Mayi Sumi anamuyang'ana mwana wawo kanthawi. Msika wa Wonokromo ndi waukulu, koma nkhani imauzungulira mofulumira kuposa wogulitsa madzi oundana, ndipo mayi wosesa uja anali ndi mchemwali wogulitsa tsabola.

Mayi Sumi anali atamva kale zonse. Anangoti babu la kubafa likuphethira, alisinthe. Atasintha, anati atsitse thumba la mpunga pa shelefu aliike pansi, pomwe iwo angafikire. Kenaka mpopi wodontha. Kenaka anati awasonyeze kalumikizidwe ka botolo la gasi, poti nthawi zonse amalumikiza ndi iye.

"Mwatani kodi lero, Mayi? Mukufuna kundichotsa ntchito?"

"Ndikufuna ndione ngati ndinabereka mwamuna kapena wailesi. Gwira ntchito, usalongolole."

Anaseka onse awiri. Tsiku limenelo anamuikira dzira lowonjezera pa mpunga.

* * *

Loweruka ambulera yachikasu inatambasuka pa seveni monga mwa masiku onse. Koma cha m'ma teni, nthawi imene ogula amachuluka, Galih anaiona ikupindidwa. Anaona kadontho kakutuluka m'kanjira, kakuyenda pang'onopang'ono motsimphina, mpaka pamsewu waukulu, n'kumezedwa ndi minibasi yolowera kumpoto. Anaimba foni. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbira Ratri, osayankha. Pa chingwe cha kireni panali mtolo wa zitsulo ukulendewera pamwamba pa mitu ya anthu, ndipo kawailesi kankakuwa kuti atsitse bwinobwino. Munthu wa kumwamba amaona zonse, koma palibe chimene angagwire.

Ataweruka anathamangitsa njinga yake yamoto ngati wamisala. Pakhomo pa kanjira anapeza anthu ataima, ena atanyamula ana, onse chete. Pamphambano, pansi, panali chikwama chake chakuda, pamwamba pake mkeka wake wopempherera utapindidwa bwino, ndi malaya a batiki aja atasitidwanso. Chitseko cha nyumba chinali chotseka, zenera lomwe.

Bambo Harjito anali pomwepo, atatsamira ndodo. Pambali pawo Ratri, maso ali pansi. Panalinso mayi wina wonenepa wa zibangili zagolide amene Galih anamuzindikira mochedwa: Mayi Lastri, amake a Bowo. Mwiniwake Bowo anali atakhala pa njinga yake yatsopano, zisoti ziwiri zili m'manja.

Galih anadutsa onsewo n'kukagogoda.

"Ndani?" Mawuwo anachokera pafupi, kuseri kwenikweni kwa thabwa.

"Ndine, Mayi. Tsegulani."

 Pansi pa chitseko, pa mpata umene ankati adzautseka chaka ndi chaka, ankaona zala za mapazi awo.

"Ine ndilibe mwana wamwamuna," anatero Mayi Sumi. Mawu awo anali ngati awayeserera tsiku lonse. "Amene ndinali naye ndamutaya. Wopeza atole."

Mayi Lastri anayenda mpaka pa chikwama, n'kufunsa katatu mokweza ngati mwana ali panjirayu ali ndi mwini. Palibe anayankha. Anthu amene anamuona Galih akukwawa m'kanjira komweko anangoyang'ana kumbali. Mayiyo anati basi, wamutola, ndi wake, ndipo kwawo ndi ku Simo.

Bambo Harjito anayandikira, nalankhula motsitsa. Anati mayi ake anabwera okha m'mawa, anakhala pansi osati pampando, napempha. Anati m'banja lonse ndi mwa abwenzi anafufuza nyumba yoloza bwino, ndipo inapezeka imodzi yokha. Ukwati udzachitika pakatha masiku makumi anayi. Koma akangoponda pakhomo ili kamodzi, kapena kulawa chophika cha m'nyumba iyi, ndiye kuti sanatayidwe, ndipo nkhani idzathera pomwepo.

 Galih anakweza dzanja kuti amenye chitsekocho, achithyole ngati n'kotheka, awauze onsewa zimene ankaganiza za miyambo yawo ndi zibangili zawo. Ratri anamugwira malaya kumbuyo, ndi zala ziwiri zokha.

"Mas, musagogodenso. Anena kale. Musawachititse kuti anene kawiri."

Dzanja linatsika lokha. Zala za mapazi zija zinali zikadali pomwepo.

Bowo anamupatsa chisoti akumwetulira, nati njinga yakeyo aitenga anyamata a kusitolo, mwana wotoledwa sadziyendetsa yekha. Galih atakwera kumbuyo, Bowo anatembenuza mutu pang'ono kuti ena asamve.

"Masiku makumi anayi ndi ambiri, mng'ono wanga. Mtima wakowo ndikuudziwa, mawondo a mayi aja ndawaonanso. Ine sindikuchita chilichonse. Ndingokuyalira mphasa n'kudikira."

* * *

Lamlungu lonse Galih anakhala m'chipinda cha alendo ku Simo, chozizira, cha matailosi oyera, chonunkhira mankhwala a udzudzu. Mayi Lastri anamupatsa nyama ndi msuzi wakuda, namuuza kuti aziwaitana Mayi. Anadya pang'ono. Anaimbira mayi ake kawiri, foni inangoitana. Ratri analemba kuti Bambo adya bwino lero koyamba sabata yonse, ndipo anawonjezera kuti zikomo. Galih anayang'ana mawu amenewo nthawi yaitali, n'kuika foni pansi.

Lolemba anakwera makwerero mofulumira kuposa tsiku lina lililonse. Kumwambako kokha ndi kumene mwambo sunamuletse kufika kwawo. Kunja kunacha bwino, mapiri onse awiri ali poyera, mlatho ukunyezimira. Sanayang'ane zimenezo. Anapeza mtsinje, anapeza chipata cha madzi, anapeza denga la buluu, n'kukhazika maso pakhomo pa kanjira.

Seveni koloko inakwana.

Anadziuza kuti mwina gasi wawavuta kulumikiza. Hafu pasiti seveni anadziuza kuti mwina mtedza sanasinje, poti wosinja anali iye. Anaona tianthu tikufika pamalo paja, tikuima pang'ono, n'kubwerera. Anaimba. Foni inaitana, inaitana, n'kuduka.

Eyiti koloko, m'thumba munanjenjemera. Anali Ratri.

"Mas, lero ndi tsiku lachiwiri. Atsala makumi atatu ndi asanu ndi atatu. Mwadya?"

Kawailesi kanayamba kukuwa kuti akweze mtolo woyamba. Galih sanagwire chitsulo chilichonse. Pansi pa mpando wake panali chitseko cha makwerero, ndipo pansi pa makwererowo, ulendo wa mphindi zisanu zokha, panali denga la buluu, chitseko chotseka, ndi ambulera yachikasu imene sinatambasuke.